Tinagogoda pa makomo anayi tisanatenge ngongole ya nyumba

Uthenga wa alandilodi unalowa pa WhatsApp Lachisanu madzulo, mwezi wa May 2024: kuyambira July lendi ikwera. Kanali kachiwiri kutikwezera chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndinapereka foniyo kwa mkazi wanga, amake Tada, ali pa mbaula akukazinga kachewere. Anawerenga, n'kundibwezera, n'kupitiriza kutembenuza mbatata zake.

"Bambo a Tada," anatero patapita kanthawi, "zaka zisanu ndi ziwiri tikumangira anthu ena nyumba. Yathu tidzamanga tili ndi ndodo?"

Tinali titakhala pa lendi pa boma la Dedza chikwatiraneni. Ine ndimagwira ntchito ya pamwezi. Amake Tada amapikula kachewere kwa alimi a ku Bembeke ndi madera ozungulira n'kumatumiza matumba ku Lilongwe. Malo omangapo analipo kumudzi kwawo, ndipo apongozi anga anali atandilozera kangapo konse. Koma ntchito yanga ili pa boma, komanso ndisabise, mtima wa mkamwini umakhala ndi kamantha kake. Kuno kwathu malo amayendera kuchikazi. Ndinkafuna nyumba imene tonse awiri tidzalembedwe maina papepala, kuti wina akadzatsogola, wotsalayo ndi ana asadzakhale nkhani ya pabwalo.

Tinali titasunga K8 miliyoni. Ina inachokera ku geni ya kachewere, ina ku banki mkhonde ya amake Tada, ina ku masheya anga a ku SACCO. Pasanathe milungu itatu ejenti wina anatipezera nyumba: zipinda zitatu zogona, mpanda wa njerwa, mpopi pakhomo, khonde lopenya phiri la Dedza. Mtengo wake K28 miliyoni. Tinkapelewera K20 miliyoni.

Khomo loyamba linali losavuta kulipeza. Ndinangopita ku banki imene malipiro anga amafikirako. Mnyamata wa pa desiki ya ngongole anandilandira ngati mbale wake. Anayang'ana mapesilipi anga ndi sitetimenti ya akaunti ya amake Tada, n'kugogoda pa kompyuta.

"Bwana, izi n'zotheka. K20 miliyoni, zaka 15, muzipereka K506,000 pamwezi. Chiwongola dzanja 30 peresenti. Dzazani mafomuwa tiyambepo."

Ndinatuluka m'bankimo ndikuona ngati makiyi ali kale m'thumba. Ndalamayo inali yambiri, inde, koma tikaphatikiza malipiro anga, phindu la geni ndi lendi imene tikanasiya kulipira, ndinkaona kuti tikhoza kupuma ndithu. Madzulo ndinayala mafomu patebulo n'kupereka cholembera kwa amake Tada.

Sanachilandire. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Zonse pamodzi tidzabweza zingati?"

Ndinalibe yankho. Ndinali nditafunsa za pamwezi basi. Tinatenga foni n'kuchulukitsa K506,000 ndi miyezi 180. Inatuluka K91 miliyoni. Tinabwereza kawiri poganiza kuti chala chaphonya. Inali yomweyo.

"Ine thumba limodzi la kachewere sindigula kwa mlimi woyamba," anatero. "Ndimafunsa ku Bembeke, ndimaimba foni ku Chimbiya, ndimamva mtengo wa pa Lizulu. Ndiye inu ngongole ya zaka 15 mukufuna kuigula pa sitolo yoyamba? Safunsa anadya phula, bambo a Tada."

Mawu akuti kugula ngongole anandikhala m'mutu. Ndinali ndisanaganizepo kuti ngongole ndi katundu wogulitsidwa, woti munthu ukhoza kufunsa mtengo kwina n'kunenerera. Ambirife timalowa m'banki titavula chipewa ngati tikukapempha chifundo. Chonsecho banki imadya pa chiwongola dzanja chimene ife timalipira.

Ndisanapite ku khomo lachiwiri ndinafuna kumvetsa kumene 30 peresentiyo ikuchokera. Zili chonchi. Banki yaikulu, Reserve Bank of Malawi, imaika mlingo wake wa chiwongola dzanja, ndipo mu February 2024 inaukweza kufika pa 26 peresenti. Kuyambira 2019 mabanki onse amayambira pa mlingo umodzi wotchedwa reference rate, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi. Nthawi imene ife tinkayendayenda unali cha m'ma 25 peresenti. Pamwamba pa mlingo umenewu banki iliyonse imaonjezera kake, potengera mmene ikukuonera iwe wobwereka. Choncho pansi pake m'pofanana paliponse, koma kapamwambako kamasiyana, ndipo m'pamene pali mpata wokambirana. Chinanso n'chakuti ngongole zimenezi chiwongola dzanja chake sichikhazikika. Reference rate ikakwera, ndalama yako ya pamwezi imakweranso, ngakhale unasaina kalekale.

Khomo lachiwiri linali banki ina pa boma pomwepo. Kumeneko anati 28 peresenti, K474,000 pamwezi kwa zaka 15. Kusiyana kwa 2 peresenti kumaoneka ngati kamwana, koma ndi K32,000 mwezi uliwonse, ndipo pa zaka 15 ndi ndalama yoposa K5.7 miliyoni. Ndinasangalala. Koma ulendo uno ndinali nditaphunzira kufunsa, ndiye ndinati andilembere papepala ndalama zonse zimene ndidzatulutse ndisanalandire makiyi. Mayi wa pa desikiyo anayamba kundandalika: ndalama yokonzera ngongole, ya katswiri wodzayeza mtengo wa nyumba, ya loya wolemba chikole, msonkho wa sitampu, inshuwalansi ya nyumba ikapsa, inshuwalansi ya moyo wanga kuti ndikafa ngongole isatsalire ana. Anaonjezera kuti malipiro anga ayenera kusamukira ku banki yawo. Ndalama yawo yokonzera ngongole inali yokwera kuposa ya banki yoyamba, moti gawo lina la phindu la 2 peresenti lija linathera pomwepo. Zonsezi zinkayenera kuchoka pa K8 miliyoni yathu ija, imene ine m'mutu mwanga ndinali nditaipereka kale yonse kwa mwini nyumba.

Lamlungu lotsatira kunabwera alamu anga, mchimwene wa amake Tada, amene amaphunzitsa masamu kusekondale. Tinakhala pakhonde titafunda majekete, chifukwa June wa ku Dedza sanyengerera munthu. Anatsegula kakalikuleta ka ngongole pa intaneti n'kuyamba kusinthasintha zaka.

"Alamu, taonani apa," anatero. "Pa 28 peresenti, zaka 15, mukupereka K474,000 pamwezi ndipo zonse ndi K85 miliyoni. Tikaika zaka 10, pamwezi ndi K498,000, zonse K60 miliyoni."

Ndinalanda foniyo kuti ndione ndekha. Kuonjezera K24,000 yokha pamwezi kunkachotsa zaka zisanu ndi K25 miliyoni. Alamu anafotokoza kuti chiwongola dzanja chikakhala chokwera chonchi, kutalikitsa zaka sikupeputsa katundu kwenikweni, chifukwa pafupifupi ndalama yonse ya pamwezi imathera ku chiwongola dzanjacho. Anandionetsa mwezi woyamba wa ngongole ya zaka 15 ija: pa K474,000, ndalama yochepetsa ngongole yeniyeniyo inali K7,500 yokha. Yotsalayo, pafupifupi K467,000, inali ya banki. Kumaiko kumene chiwongola dzanja cha nyumba chili pansi pa 10 peresenti, monga ku Britain kapena ku America, ngongole ya zaka 25 kapena 30 imamveka. Kuno masamu ake ndi ena. Ku mabanki awiri aja palibe amene anandiuza zimenezi. Sanandinamize ayi, anangoyankha zimene ndinafunsa.

Khomo lachitatu linali ku Lilongwe. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, tinakwera minibasi m'mamawa n'kutsika ndi msewu wa M1, makilomita 85 aja. Amene anatilandira anali mayi wachikulire, wa magalasi. Sanayambe ndi mapesilipi. Anayamba ndi funso limene mabanki awiri aja anali asanafikepo.

"Mapepala a malowo ali kuti?"

Ndinatulutsa zimene ejenti anatipatsa: kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo, ndi pepala la mgwirizano wa pamene mwini nyumbayo ankagula malowo. Mayiwo anaziwerenga bwinobwino n'kuzibweza.

"Bambo, nyumbayi ikhoza kukhala yokongola, koma ife sitingaigwire ngati chikole. Banki imagwira pepala lolembetsedwa ku boma. Kalata ya amfumu imasonyeza kuti anthu a m'deralo akumudziwa mwini malo, koma sitingalembetsepo chikole chathu."

Anatifotokozera modekha. Malo ambiri m'Malawi muno ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Kuti banki ikubwereke ndalama ya nyumba, pamafunika title deed, kawirikawiri ya lizi yochokera ku boma, imene pa malo okhala nthawi zambiri imakhala ya zaka 99. Malamulo a zamalo a 2016, kuphatikizapo Customary Land Act, anatsegula njira yoti munthu alembetse malo a makolo m'dzina lake, koma nyumba imene tinkaifunayo inali isanalembetsedwe mwa njira iliyonse. Anatilangiza kuti nyumba ina iliyonse imene tidzaifune, tisanapereke ngakhale tambala, tikafufuze ku ofesi ya zamalo ngati dzina la papepala lili la wogulitsayo, ngati malowo sanaikidwe kale chikole kwina, ndiponso ngati palibe ngongole ya lendi ya malo ku boma.

Mu minibasi pobwerera sitinayankhulane mpaka pa Linthipe. Ndinkaganiza kuti ndikanasaina mafomu oyamba aja, nkhani ya mapepalayi ikanadzatulukabe, koma mwina nditalipira kale zina, kapena nditapereka kale chikole kwa mwini nyumba monga ejenti ankandikakamizira.

Tinapempha mwini nyumbayo kuti ayambe kulembetsa malowo, ife tidikira. Anaseka. Anati alipo wina wogwira ntchito ku Johannesburg amene akufuna kupereka ndalama yonse pamanja, wosafunsa za mapepala. Patatha milungu iwiri tinamva kuti nyumba yapita.

Apa m'pamene m'nyumba mwathu munalowa mphepo. Ndinamunena amake Tada kuti mafunso ake atiluzitsa nyumba. Iye anandiyankha kuti nyumba yopanda mapepala sinali yathu n'kale. Tinakhala masiku atatu tikuyankhulana za mchere ndi sopo basi. Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti ndinapusa, ndikanangotenga ngongole wamba ya pa malipiro, n'kuonjezera ya katapila, n'kugula nyumbayo mwachangu. Usiku wina ndinawerengetsa maganizo akewo. Akatapila amafuna ndalama yawo ndi phindu lalikulu mwezi ukangotha. Ndinazimitsa foni n'kugona. Tsiku lachinayi ndinapepesa.

Khomo lachinayi linali SACCO yanga. Mabungwe amenewa, amene ambiri ali pansi pa MUSCCO, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1980, amabwereketsa potengera masheya amene membala wasunga. Sanandifunse title deed. Koma ndalama imene akanandipatsa inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba, ndipo yobweza m'zaka zochepa. Ndinatulukamo ndikudziwa kuti kumeneku n'kothandiza pa malata, mawindo ndi simenti, pomwe kugula nyumba yathunthu n'kwa mabanki. Kumeneko ndinamvanso za mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene mabanki amafunsako asanakubwereke. Ndinakumbukira kangongole ka pafoni kamene ndinakaiwala chaka chathachi. Ndinakabweza tsiku lomwelo, kuopa kuti K15,000 ingadzanditsekere khomo la mamiliyoni.

Bambo anga, amene anapuma ntchito ya boma, nditawafotokozera zonsezi anangogwedeza mutu. M'nthawi yawo munthu wofuna ngongole ya nyumba ankadziwa khomo limodzi, New Building Society, imene inayamba mu 1964 n'kudzasanduka NBS Bank mu 2004. Ena ankadikira nyumba za Malawi Housing Corporation, imene inayambanso mu 1964. Iwo sanatenge ngongole. Anaumba njerwa chaka china, kugula malata chaka chinacho, mpaka nyumba inatha patapita zaka zisanu ndi zinayi. "Pang'onopang'ono ndi mtolo, mwana wanga," anatero. Ndi mmene Amalawi ambiri amamangira mpaka lero. Vuto la m'badwo wathu n'lakuti pamene ukusunga ndalama ya matumba khumi a simenti, mtengo umakwera, n'kupezeka kuti yakwana asanu ndi limodzi. Koma ife tili ndi chimene bambo analibe: makomo ambiri ogogodapo, National Bank, Standard Bank, NBS, FDH ndi ena, komanso foni yoti n'kuwerengetsera tisanasaine.

Mu September tinapeza nyumba ina, kumtunda pang'ono kwa tauni. Kunena zoona inali chigoba: makoma ndi denga la malata, yopanda siling'i, yopanda magalasi m'mawindo, pansi posapaka simenti m'zipinda ziwiri. Mwini wake anasamutsidwira ku Mzuzu ndipo ndalama zomalizira zinamuthera. Koma anali ndi lizi ya zaka 99 m'dzina lake. Tinapita ku ofesi ya zamalo ku Lilongwe kukafufuza, zonse zinali bwino. Mtengo tinagwirizana K19 miliyoni. Tsopano tinkafuna K12 miliyoni yokha.

Ulendo uno ndinayenda mosiyana. Ndinapempha mabanki onse atatu kuti andilembere zimene angandipatse pa ndalama yofanana ndi zaka zofanana, K12 miliyoni kwa zaka 7, kuti ndiyerekeze mbuzi ndi mbuzi inzake. Aliyense ndinamufunsa mafunso omwewo. Mwaonjezera zingati pamwamba pa reference rate? Zolipira zonse za poyamba ndi zingati? Inshuwalansi ndingasankhe ndekha kampani kapena ndi yanu yokha? Ndikapeza ndalama n'kufuna kudula ngongole nthawi isanakwane, mudzandilipitsa chindapusa? Ndikalephera kulipira mwezi umodzi kapena iwiri, chimachitika n'chiyani nyumba isanafike pogulitsidwa?

Banki ya ku Lilongwe ija inalemba 27.5 peresenti. Ndinatenga pepalalo n'kupita nalo ku banki yanga yoyamba, kwa mnyamata uja. Analiwerenga, n'kulowa mu ofesi ya abwana ake, n'kutuluka akumwetulira. Anatsitsa kuchoka pa 30 kufika pa 28.5. Ndinadabwa kuona kuti chinthu chimene mu June chinkaoneka ngati lamulo losasinthika chatsika chifukwa cha pepala limodzi la anzawo. Komabe sanafike pa 27.5, ndipo funso la kubweza msanga analiyankha mozungulira. Mayi a magalasi aja anatilembera momveka kuti tikhoza kuponya ndalama ina iliyonse pamwamba, nthawi ina iliyonse, popanda chindapusa. Kwa banja limene gawo lina la ndalama zake limabwera mwa nyengo, kachewere akayenda malonda, mfundo imeneyi inali yaikulu kuposa zonse.

Tinasaina kumeneko, maina athu tonse awiri. Timapereka K323,000 pamwezi, ndipo ngati chiwongola dzanja sichisintha, zonse pamodzi zidzakwana K27 miliyoni. Ndi ndalama yambiri, musandimve molakwa. Mwezi wina imawawa, makamaka January pamene fizi, feteleza ndi ngongole zimakumana pakhomo limodzi. Koma ndikaiyerekeza ndi K91 miliyoni imene ndinatsala pang'ono kuisainira ndikumwetulira, ndimapeza tulo.

Mapepala anatenga miyezi itatu: chilolezo chosinthira umwini, loya, woyeza nyumba, maulendo a ku Lilongwe osawerengeka. Zolipira za poyamba zinadya K1 miliyoni imene inatsala, n'kutipempha ina pamwamba, moti amake Tada anachepetsa mpamba wa geni kwa miyezi iwiri. Magalasi a mawindo ndi zitseko zam'kati tinagula ndi kangongole kakang'ono ka ku SACCO.

Anzanga ena akandifunsa kuti banki yabwino ndi iti, ndimakana kutchula dzina. Imene inatikomera ife mwina inu singakukomereni, chifukwa amayang'ana malipiro anu, mbiri yanu ya ngongole ndi mapepala a nyumba yanu, komanso mitengo yawo imasintha. Chimene ndimawauza n'chakuti apite ndi kope ndi cholembera ku makomo osachepera atatu, afunse za mapepala a malo tsiku loyamba lomwelo, ndipo asatuluke asanamve ndalama yonse imene adzabweze. Ngati ali pabanja, apite awiri. Ine ndekha ndikanasaina mu June.

Tinalowa m'nyumbamo mu January 2025, mvula ili mkati. Siling'i kulibe mpaka pano, moti mvula ikamagwa pa malata sitimvana, ndipo June akafika mphepo ya m'phiri imalowera m'denga n'kutipeza m'mabulangete. Tada amagona ndi chipewa. Titagulitsa kachewere wa dzinja tinaponya K600,000 pamwamba pa ngongole, ndipo amake Tada anajambula sitetimentiyo n'kuisunga mufoni.

Apongozi anabwera kudzaona nyumbayo atanyamula nkhuku ndi lichero la nyemba. Anazungulira zipinda zonse, anayang'ana kudenga kopanda siling'i, n'kugogoda khoma ndi chala.

"Ndiye akuti n'njanu kapena n'nja banki?" anafunsa.

"Pakadali pano tikugawana, amayi," anayankha amake Tada. "Koma chaka chilichonse chipinda chimodzi chizibwerera kwa ife."

Apongozi anaseka, n'kukhala pansi pa mkeka, n'kuuza Tada kuti akatenge mpeni wa nkhuku.